Dzinja Lomwe Amayi Anaphwanya Uvuni

Filiji ija ikadalipo. Ili kuseri kwa kanyumba ka pa doko, chivundikiro chake chinathothoka kalekale. Azimayi amaviikamo chinangwa cha kondowole. Amati ndi yabwino, sidontha, mbuzi sizifikamo. Ndikamadutsa pamenepo popita ku bwato ndimayang'ana kumbali. Fungo la chinangwa choviika silindivuta, ndinakula nalo. Koma likamachokera m'bokosi limenelo, mmero wanga umakumbuka fungo lina, ndipo ndimalavula.

Ine si munthu wolankhulalankhula. Sukulu sindinapite nayo patali. Ndinena zomwe ndinaona, basi.

Chaka chimenecho ndinali sitandade yachitatu. Tinkakhala awiri, ine ndi amayi, m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja ya Chia. Bambo anamwalira ndisanadziwe nkhope yawo. Chotidyetsa chinali uvuni wowambira nsomba. Amayi anaumanga okha kuseri kwa nyumba, wa njerwa zosawotcha, wokhala ndi mawaya oyalapo nsomba. Ankagula kampango ndi milamba kwa asodzi pa doko, kutumbula, kuwamba, n'kugulitsa kwa anthu ochokera ku Kasungu ndi ku Lilongwe. Nsomba zawo ankazimanga ndi mlaza, kuulowetsa kukamwa n'kuutulutsira m'mbali mwa mutu, kenako mfundo ziwiri. Mayi aliyense pa doko anali ndi kamangidwe kake. Ka amayi ndinkakadziwa ngakhale patali.

Nthawi ya dzinja, uvuni ndiwo unali moyo. Dzuwa likabisala thandala loyanikapo nsomba silithandiza. Nsomba yosawamba imayamba kufewa tsiku lomwelo.

Koma uvuniwo unkawadyanso amayi. Sindibisa. Maso awo anali ofiira chaka chonse. Ankatsokomola m'mawa mpaka kugwira khoma. Tsitsi lawo, chitenje chawo, ngakhale mphasa yomwe tinkagonapo, zonse zinkanunkha utsi. Nkhuni ankakazitenga kutali, chifukwa mitengo ya pafupi inali itatha.

Mvula itatsala pang'ono kuyamba kunabwera galimoto yoyera. Anali anthu a bungwe lina la ku Lilongwe. Anati abweretsa magetsi a dzuwa. Anamanga kanyumba ka malata pa doko. Pambali pake anaimika zitsulo n'kuyalapo mapanelo a sola, akuda, onyezimira ngati madzi a padziwe. Anazungulizira mpanda wa waya n'kukhoma loko. M'kanyumbamo anaikamo mabatire ndi filiji yaitali ngati bokosi la maliro la munthu wonenepa. Pakhomo anapachika babu limodzi, lomwe linkayaka lokha kukada. Kwathu nthambo za magetsi zinali zisanafike. Zinkadutsa kumsewu waukulu, pamwamba pa mitu yathu, kupita kwa ena.

Anasankha komiti. Wapampando anali amalume, achimwene awo a amayi. Kiyi wa filiji anapatsidwa amalume. Kiyi wa mpanda anapita naye mnyamata wa bungwe, yemwe ankalumikiza mawaya. Iye anati mapanelo asakhudzidwe ndi munthu wina aliyense. Anati wina akangowakhudza, chikawonongeka bungwe silidzakonza.

Panali lamulo linanso. Mayi wofuna kusunga nsomba m'filiji ayambe waphwanya uvuni wake, ndipo mawaya apereke ku komiti. Ankati n'cholinga choti mitengo ipume ndi mapapo a azimayi apume.

Ndinene pano. Sola ine sindidana nayo. Lero ndili ndi kapanelo kanga padenga, ana amawerengera, foni ndimatchajira pomwepo. Ndimakapukuta ndekha ndi kansanza. Dzuwa silinatilakwire. Zondinyansa ndi zomwe anthu anachita nalo.

Azimayi anazengereza kuphwanya mauvuni awo. Ndiye amalume anabwera kwathu. Anakhala pa mpando wokhawo womwe tinali nawo, amayi pansi. Kwathu malume ndiye mwini mbumba. Maliro, ukwati, munda, zonse zimadutsa pakamwa pake. Mlongo wake samutsutsa pamaso pa mwana.

"Muyambe ndinu, mlongo wanga," anatero amalume. "Inu mukaphwanya, enawa atsatira."

"Achimwene, bwanji tiione kaye dzinja limodzi?" anafunsa amayi. "Uvuni sulira chakudya. Ungokhala."

"Ndiye anthu anene kuti wapampando walephera ndi m'nyumba mwake momwe? Mukufuna mundivule pagulu?"

M'mawa mwake amayi anatenga khasu. Njerwa zinali zitalimba ndi moto wa zaka zambiri, zinkalira ngati mbiya zikamasweka. Mwaye unawadetsa mpaka m'zigongono. Ine ndinkasangalala. Ndinkatola zidutswa n'kumagenda mbalame. Mawaya ndinakapereka ndine kwa amalume, nditasenza pamutu, ndikuimba.

Masiku oyamba filiji inagwira ntchito. Ichi ndi chomwe chimandipweteka. Inagwira bwino. Inkang'ung'udza pansipansi ngati njuchi za m'mphako. Amalume akatsegula, munkatuluka nthunzi yozizira. Tsiku loyamba ndinagwira ayisi wa m'mbali mwake, ndinakuwa kuti wandiotcha. Anthu anaseka. Chambo chinkatuluka chouma gwa, ukachigogoda pa khoma chinkalira ngati thabwa. Amayi anasiya milamba n'kuyamba chambo ndi kampango wamuwisi. Ankapita nazo ku Boma pa kabaza, n'kubwera dengu lili pululu. Anandigulira nsapato zapulasitiki. Chifuwa chinachepa. Tsiku lina ndinawamva akuseka ndi anzawo pa chitsime, kuseka kotulutsa mano onse. Ndinaima n'kumawayang'ana.

Kenako kunabwera uthenga. Alendo akuluakulu, omwe anapereka ndalama za sola, akubwera kudzatsegulira kanyumbako mwamwambo. Ena ochokera kunja. Amalume anaitanitsa azimayi. Anati filiji idzaze mpaka pakamwa, ndipo pasapezeke wotulutsa ngakhale nsomba imodzi mpaka alendo ataona. Anati alendo akaona yodzaza adzabweretsa yachiwiri.

Amayi anaikamo mpamba wawo wonse. Anagula kampango wamkuluwamkulu, wonona, ndi chambo chosankha. Anamanga ndi mlaza, mfundo ziwiri. Popeza anali mlongo wa wapampando, anayamba ndi iwo kuika. Zawo zinapita pansi penipeni. Za ena pamwamba. Amalume anatseka n'kuika kiyi m'thumba la malaya.

Tsiku la alendo linafika, alendo osafika. Anati mvula yawononga msewu. Anatchula tsiku lina. Nalonso linadutsa. Anati wamkulu wawo wapita ku msonkhano.

Pamenepo n'kuti dzinja litakhwima. Mitambo inkagona panyanja osasuntha. Ndipo nkhungu zinabwera.

Wosakulira kunyanja sadziwa nkhungu. Ndi tizilombo touluka, tating'ono kuposa udzudzu, tosaluma. Timatuluka m'madzi tambirimbiri n'kuima m'mwamba ngati utsi wa tchire likupsa. Mphepo ikatikankhira kumtunda, timalowa paliponse, m'maso, m'mphuno, m'madzi akumwa. Kwa ife ana chinali chisangalalo. Tinkanyowetsa malichero n'kumawazunguza m'mwamba, tizilomboto n'kumamatirira. Azimayi ankatikanda n'kuumba timikate takuda, ndiwo yake. Chaka chimenecho zinabwera zambiri, kangapo motsatizana.

Nkhungu zimakonda kuwala. M'mudzi monse chowala chinali chimodzi, babu la pa kanyumba. Zinkasonkhana pamenepo n'kugwera pa mapanelo. Zinafera pomwepo, zina pamwamba pa zinzake. Kamvula kowaza kanazisandutsa phala. Kadzuwa kakatuluka, phalalo linkauma n'kukhala chikhungwa. Mbalame zinabwera kudzadya n'kusiya zitosi. Nkhungu zina zinagweranso pa zitosizo. Posakhalitsa mapanelo aja sankanyezimiranso. Ankaoneka ngati pansi pa khola la nkhuku.

Filiji inayamba kumalira n'kusiya, kulira n'kusiya. Babu linkayaka mofiira, n'kuzima anthu asanagone. Tsiku lina m'mawa tinapeza zii.

Aliyense ankaona vuto. Silinafune sukulu. Mapanelo anali pompo, kuseri kwa waya, kutalika kwake kofika m'chifuwa mwa munthu. Chidebe cha madzi ndi nsanza, basi. Nyanja ili poteropo. Msodzi wina anati angowaza madzi pamwamba pa mpanda. Amalume anamuletsa. Anati wothira madzi pa zinthu za magetsi adzalipira yekha, ndipo bungwe lidzanyamula zonse n'kukapatsa mudzi wina. Anati aimbira foni mnyamata wa kiyi. Mnyamatayo anayankha kuti galimoto ilibe mafuta a ulendo wapadera, adzabwera limodzi ndi zokonzekera alendo.

Amayi anapita kwa amalume. Ndinawatsatira.

"Achimwene, tsegulani nditenge zanga. Ndikapempha moto kwa anzanga a kutsidya, ndiwambe zomwe zingapulumuke."

"Zanu zili pansi. Nditulutse za anthu onse chifukwa cha inu?"

"Tulutsani za onse. Zikuwonongeka."

"Mukatsegula ndiye mukutulutsa kuzizira. Bokosi lija limasunga lokha. Anatero eni ake."

"Achimwene, ine nsomba ndimaidziwa."

"Ndiye alendo adzaone chiyani? Bokosi lopanda kanthu? Pitani kunyumba."

Amayi anaima pang'ono, akuyang'ana thumba la malaya momwe munali kiyi. Kenako anatembenuka. Tikudutsa kuseri kwa nyumba yathu anayang'ana pomwe panali uvuni. Panali patamera bonongwe.

Fungo linayamba pang'onopang'ono. Poyamba ngati ukonde wosayanika. Kenako linakula. Linali fungo lolemera, lotsekemera moipa, lokakamira kumbuyo kwa lilime. Pansi pa filiji panayamba kutuluka madzi ofiirira, oterera, n'kumayenda pa simenti mpaka pakhomo. Ntchentche zobiriwira zinadzaza zenera. Agalu ankakanda chitseko. Asodzi anasamutsa mabwato awo n'kumakocheza cha kumtunda kwa mphepo. Azimayi omwe anali ndi nsomba m'menemo ankadutsa atagwira chitenje pamphuno, osayang'anana. Palibe ananena kanthu pagulu. Aliyense ankaopa kukhala iye wothamangitsa chitukuko.

Masiku omwewo aphunzitsi ankatiphunzitsa nyimbo yolandirira alendo. Ankatitengera pa kanyumba pomwepo kuti tizolowere poima. Nyimboyo inkayamika kuwala. Mtsikana wina anasanza tili pakati pa kuimba. Aphunzitsi anamuuza akasambe kunyanja abwerenso. Kwa ife anati: "Pumirani pakamwa. Mphuno siimba." Iwo anali atapaka mafuta onunkhira pa kansalu, akununkhiza.

Mpaka lero ndikamva ana a sukulu akuimbira alendo, ndimachoka.

Kutatsala tsiku limodzi kuti alendo afike, galimoto yoyera inabwera. Mnyamata wa kiyi anatsika, anakwinya nkhope, n'kutsegula mpanda. Anapempha chidebe ndi nsanza. Anakolopa mapanelo. Madzi akuda anayenderera pansi. Ntchito yonse inatha msanga kuposa kuwiritsa tiyi. Tsikulo dzuwa linawala. Pofika masana filiji inayambanso kung'ung'udza.

Mnyamata uja ndi amalume analowa m'kanyumba n'kutseka chitseko. Ndinasuzumira pazenera. Anatsegula filiji. Mnyamatayo anathawira pakona n'kugwada, akufuna kusanza. Amalume anatseka msanga. Anayankhulana motsitsa mawu. Ine ndinkadikira kuti ayambe kutulutsa. Sanatulutse. Nsomba zoti n'kudzazanso bokosi lonselo sizikanapezeka pofika mawa. Anangochotsa zapamwamba zochepa, n'kuisiya filiji kuti igwire ntchito yake.

Inagwira. Inaumitsa zowola zonse pamodzi, madzi ake, mphutsi zake. Fungo nalo linauma. Azimayi anauzidwa kukwecha simenti ndi mchenga ndi sopo. Amayi anali m'gulumo, atagwada, akukwecha madzi a nsomba zawo zomwe. Wina anatumidwa ku Boma kukagula lubani, uja amafukiza Asilamu. Anamufukiza m'makona onse. M'mawa wa mwambo amalume anagula chambo chatsopano pa doko n'kuchiyala pamwamba, mizere yokongola, mitu kuloza kumodzi.

Alendo anabwera ndi magalimoto ambiri. Panali azungu, panali akuluakulu ovala masuti. Tinaimba. Tinapumira pakamwa mwachizolowezi, ngakhale kuti tsikulo kunkangomveka lubani. Mzungu wina wamkazi anakoka mpweya n'kumwetulira. Womasulira anati mayiyo akuti kanyumba kathu n'kaukhondo.

Amalume analankhula nthawi yaitali. Anali atavala jekete lobwereka, manja ake aafupi. Kenako anaitana amayi, monga mayi woyamba kuphwanya uvuni, kuti anene momwe moyo wasinthira. Anali atawauziratu mawu oti anene. Amayi anaimirira, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Anayang'ana pansi.

"Utsi sundilowanso m'maso," anatero.

Anakhala pansi. Amalume anadikira mawu ena. Sanabwere. Womasulira anatalikitsa yekha m'Chingerezi, ndipo alendo anawomba m'manja kwambiri.

Kenako inali nthawi yanga. Anandisankha kuti ndinyamule nsomba pojambulitsa, poti ndinali mwana wa mlongo wa wapampando ndipo ndinali ndi nsapato. Mlendo wamkulu anadula kansalu pakhomo. Amalume anatsegula filiji. Nthunzi yozizira inatuluka, anthu anati aaa. Anandikweza pa njerwa. Ndinapisa manja n'kunyamula chambo chachikulu cha pakona.

Pansi pake panali ayisi wa mtundu wa dothi. M'katimo ndinaona mutu wa kampango. Zitawola zija zinasakanikirana, zapansi zina n'kuyandama. Maso a kampangoyo anali atabowoka. Mimba inali itaphulika, ndipo timphutsi toyera tinaumira pomwepo, tili ndondondo ngati mpunga. Kukamwa kwake kunali mlaza. Mfundo ziwiri.

Amalume anasuntha chambo china n'kuphimba. "Seka, iwe," anandinong'oneza. Ndinaseka. Anajambula. Chivundikiro chinatsekedwa. Zonse zomwe alendo anayendera ulendo wonse uja zinatha pamenepo, kanthawi kophethira diso kangapo. Palibe anapisa dzanja. Palibe anafunsa kuti nsombazi zakhalamo kuyambira liti. Anandipatsa botolo la chakumwa chotsekemera ndi bisiketi. Mzungu uja anandisisita kumutu.

Dzuwa lisanapendeke anali atapita. Anali ndi mudzi winanso woti akatsegulire chitsime.

Ndiye ntchito inayamba. Amalume anazimitsa filiji n'kupita kwawo, ati mutu. Chambo cha pamwamba chija anagawana a komiti. Azimayi anatsala ndi zawo. Zinali zitagwirana chimwala chimodzi. Anachita kutema ndi nkhwangwa. Zidutswa zinkathovokera kumaso. Zitayamba kusungunuka, fungo lija linadzuka, loposa kale, losakanikirana ndi lubani. Kuyambira tsiku limenelo lubani sindimufuna. Ankasenza m'mabeseni kupita ku dzenje lomwe anakumba kutchire. Madzi ake ankadontha m'mabeseni obooka, kutsikira m'khosi, kulowa m'mabulauzi. Akhwangwala ankatsatira m'mwamba. Mayi wina ankatukwana njira yonse. Amayi sanatukwane. Anasenza mpaka bokosi linatha, poti zawo ndizo zinali zomalizira.

Filiji yachiwiri sinabwere. Yoyambayo inagwira mpaka dzinja lotsatira, mabatire n'kufa. Mnyamata wa kiyi anali atasiya ntchito. Bungwe linali litamaliza zake m'dera lathu. Mapanelo anazimiririka limodzilimodzi. Koma amayi sanaikemonso nsomba ngakhale pomwe inkagwira. Analibe choikamo. Anakapempha mawaya awo kwa amalume kuti amangenso uvuni. Anawayankha kuti mawaya onse anakwezedwa pa galimoto tsiku la mwambo, kukaonetsa ku likulu kuti azimayi asiya kuwamba. Anayamba ganyu yopala mamba ndi kutumbula nsomba za anthu ena pa doko, ndi kupalira mpunga m'minda ya eni. Sanakhalenso ndi nsomba yawoyawo yoti amange ndi mlaza. Ine sukulu ndinalekezera sitandade yachisanu n'kulowa m'bwato.

Ndinamva kuti chithunzi changa chinapachikidwa mu ofesi ina ku Lilongwe. Wina wa kwathu anachiona. Anati ndikuoneka wokondwa. N'zoona. Ndinali wokondwa.

Madzulo a tsiku la mwambo, amayi anasamba kunyanja, anadzikwecha ndi mchenga ndi mandimu. Chitenje cha kutchalitchi chija anachichapa, fungo osachoka. Atafika kunyumba anazula bonongwe pomwe panali uvuni. Anasonkhapo moto wa nkhuni zonyowa, n'kuponyapo masamba aawisi. Anayanika chitenjecho pa ndodo pamwamba pake kuti utsi uchotse fungo. Iwo anakhala pansi, pafupi, mbali yomwe utsi unkapita. Sanasunthe.

Ine ndinali ndikuseweretsa kachitsekerero ka botolo lija. Ndinkafuna andiyamikire.

"Amayi, ndinagwira bwino nsomba ija?"

"Unagwira bwino."

"Mzungu anandigwira kumutu. Munaona?"

"Ndinaona."

Ndinawayang'ana. Masaya awo anali onyowa mpaka kuchibwano. Ndinaseka, ndikuganiza kuti ndawagwira bodza.

"Amayi, mwawanamiza alendo. Si uwu utsi ukukulowani m'maso?"

"Eya," anatero. "Ndi utsi."

Ndinawauza kuti asunthire mbali inayo, komwe kunalibe utsi. Malo analipo ambiri. Ndinadabwa kuti munthu wamkulu sakuona chinthu chapafupi chotero. Kenako ndinathamanga kukaonetsa anzanga kachitsekerero kanga.